Tisunge Mawu a Asilikali Athu Akadali Moyo

Chaka chilichonse, Lamulungu lachiwiri la mwezi wa Novembala, dziko la Malawi limakumbukira asilikali amene anafera kunkhondo. Kuno ku Zomba mwambowu umachitikira pa chipilala cha King's African Rifles, pafupi ndi Cobbe Barracks. Lipenga limalira, anthu amakhala chete kwa mphindi ziwiri, akuluakulu amaika nkhata za maluwa ofiira, kenaka aliyense amabwerera kwawo. Mwambowu ndi wabwino ndipo uyenera kupitirira. Komabe pali funso limene lipenga lija siliyankha. Msilikali amene anapita kunkhondo nabwerako wamoyo, nakhala pakati pathu, nadzamwalirira pamphasa kumudzi kwawo, timamukumbukira pati? Maganizo anga m'nkhani ino ndi akuti munthu wotereyu sitingamukumbukire ndi chipilala kapena maluwa. Tingamukumbukire posunga mawu ake, m'chiyankhulo chimene iye anayankhulira, ndipo ntchito imeneyi ndi yathu ife ophunzira ziyankhulo.

Funsoli landibwerera chifukwa cha imfa ya mnzathu amene tinayamba naye limodzi maphunziro a ziyankhulo. Dzina lake sindilitchula pano polemekeza banja lake, koma onse a m'kalasi mwathu akudziwa amene ndikunena, pakuti tinkangowatchula kuti a Sajeni. Iwo analowa m'yunivesite kudzera pa khomo la anthu akuluakulu, ali ndi zaka zopitirira makumi anayi, pamene ambiri a ife tinali tisanakwanitse zaka makumi awiri. Kwawo kunali m'mbali mwa nyanja ku Salima, m'dera la mfumu yaikulu Makanjira, kufupi ndi doko la Chikombe, pamene munthu akaima pamchenga amaona chilumba cha Mbenji. Usilikali anauphunzirira ku MAFCO, m'boma lawo lomwelo la Salima. Anatumikira zaka zoposa makumi awiri, anapitako ku Congo kukasungitsa mtendere, ndipo atapuma pantchito anaganiza zobwerera kusukulu kuti adzakhale mphunzitsi wa Chichewa. Anaphunzira nafe zaka ziwiri zathunthu. M'chaka chachitatu matenda anawabweza kumudzi, ndipo kumeneko n'kumene anatsikira kulichete.

M'kalasi a Sajeni anali munthu wosavuta kumuzindikira. Nsapato zawo zinkawala tsiku lililonse, ngakhale nthawi ya matope. Ankafika mphunzitsi asanafike ndipo ankakhala kutsogolo. Ife ankatitchula kuti "ana anga", ndipo aphunzitsi ena amene anali aang'ono kwa iwo ankawatchula kuti "bambo". Poyamba tinkawaseka mobisa chifukwa cholemba pang'onopang'ono ndiponso kulimbana ndi kompyuta ngati akulimbana ndi mdani. Koma tikafika pa phunziro la magulu a mayina kapena la kabwerekedwe ka mawu, kalasi lonse linkatembenukira kwa iwo. Chiyawo anayamwira, Chichewa anakulira nacho, ndipo Chiswahili anachitola kum'mawa kwa Congo. Mphunzitsi akapempha chitsanzo chimodzi, iwo ankapereka zitatu, n'kuonjezera ndi malo amene anamvera mawuwo. Ankakonda kutiuza kuti ku Congo lilime linawathandiza koposa mfuti. Msilikali wongoyenda ndi womasulira, iwo ankatero, anthu amamuuza zokhazo zimene akuganiza kuti akufuna kumva. Koma amene wapereka moni m'chiyankhulo chawo, n'kunenerera mtengo wa nthochi pamsika, amayi amamunong'oneza kuti njira yakutiyakuti lero musadzere.

Za nkhondo yeniyeni sankayankhula kawirikawiri. Ukawafunsa mwachindunji ankangoti, "Mwanawe, zimenezo n'zautali," n'kusintha nkhani. Koma ukawafunsa za Mbenji, ndiye kuti wayatsa wailesi. Ankati mwambo sanauphunzirire ku MAFCO ayi, anauphunzirira pachilumba ali mnyamata wopalasa bwato. Kwa amene sakudziwa, Mbenji ndi chilumba chotchuka ndi utaka, ndipo usodzi wake uli m'manja mwa mfumu ndi anthu ake kuyambira m'zaka za m'ma 1950. Chaka chilichonse chilumbachi chimatsekedwa mu Disembala ndi kutsegulidwa mu Epulo, kuti nsomba ziswane ndi kukula. Nthawi imeneyi asodzi onse amasamuka. Chikatsegulidwa, pali malamulo okhwima: mowa saloledwa, chamba sichiloledwa, juga saloledwa, ndipo akazi sapita pachilumbapo. Wophwanya malamulo amalipitsidwa kapena kuthamangitsidwa kumene. Lamulo lokhudza akazi ena amalitsutsa, ndipo mtsutsowo ndi woyenera tsiku lake. Chimene ndikufuna tione pano ndi ichi: malamulowa akhala zaka pafupifupi makumi asanu ndi awiri osafa. Chawasunga ndi pakamwa. Pa mwambo wotseka ndi pa mwambo wotsegula, mfumu ndi akuluakulu amawanenanso pamaso pa anthu onse, m'chiyankhulo chimene msodzi aliyense akumva, pamodzi ndi mbiri ya mmene anayambira. Mwana wa ku Chikombe amakula akudziwa chifukwa chimene bambo ake sapita kuchilumba mwezi wa Febuluwale.

A Sajeni anali Msilamu, choncho maliro awo sanagonere masiku. Ife a m'kalasi tinakafika pa sadaka ya masiku makumi anayi. Anthu anayankhula zabwino zambiri. Asodzi achikulire anakumbukira mnyamata amene sankaopa mwera. Aphunzitsi a pasukulu ya pulayimale anakumbukira munthu amene ankagulira ana makope akabwera ku tchuthi. Mayi a kunyumba anatulutsa sutikesi mmene munali chipewa chobiriwira ngati mtambo cha United Nations, mendulo, ndi zithunzi za amuna ovala yunifolomu ataima pamatope ofiira. Koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene akanatha kunena kuti malo a m'zithunzimo ndi ati, anzawo aja ndi ndani, kapena chimene chinkawadzutsa a Sajeni pakati pa usiku. Mudzi umene umadziwa bwino mbiri ya chilumba chake sunathe kufotokoza zaka makumi awiri za moyo wa mwana wake. Si kuti anthuwo analibe chikondi. Vuto ndi lakuti nkhani za chilumba zili ndi bwalo lake ndi tsiku lake, pamene nkhani za msilikali wobwerako zilibe bwalo.

Vutoli silinayambe lero. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inatifikira pa nyanja yomweyi mu Ogasiti 1914, pamene sitima ya Angerezi ya Guendolen inaononga sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann, ndipo mwezi wotsatira kunamenyedwa nkhondo ku Karonga. Akatswiri a mbiri amati amuna a ku Nyasaland pafupifupi 19,000 analowa usilikali pa nkhondoyo, pamene ena pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya mtengatenga, kusenza katundu wa nkhondo pamutu. Mu Novembala 1914 John Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times yodandaula kuti anthu akuda akukhetsa mwazi pa nkhondo imene si yawo, n'kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye, pamene nthawi ya mtendere sawerengeredwa kanthu. Patapita zaka zoposa zana, mu 2021, bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomera kuti anthu osachepera 116,000 amene anafa pa nkhondoyo, ambiri a iwo a ku Africa, sanakumbukiridwe ndi mayina awo monga anachitira ndi azungu. Ngati akufa anaiwalika motero, kuli bwanji amene anabwerako? Agogo athu anakamenyanso nkhondo yachiwiri ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Ambiri a ife tinangomva kuti agogo anapita ku Keyala, basi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Pali chitsanzo chimodzi chimene chimaonetsa kuti zinthu zikanatha kuyenda mwina. M'zaka za m'ma 1970, katswiri wa mbiri Melvin Page, mothandizana ndi ophunzira a ku Chancellor College, anayendayenda m'midzi kucheza ndi nkhalamba zimene zinaona nkhondo ya 1914. Kuchokera pa macheza amenewo munatuluka buku la The Chiwaya War m'chaka cha 2000. Nkhalamba zonsezo zinapita kale, koma zimene zinaona zilipo chifukwa achinyamata a msinkhu wathu anakhala nazo pansi n'kumvetsera. Tiyenera kuyamika ntchito imeneyi. Koma tionenso kuti bukulo lili m'Chingerezi. Mdzukulu wa mtengatenga amene analekeza sukulu Sitandade 6 sangawerenge zimene agogo ake ananena. Mawu anachoka m'mudzi, nakavala suti, osabwereranso.

Masiku ano tili ndi m'badwo wina wa asilikali amene nkhani zawo zikudikira womvetsera. Alipo amene analondera njanji ya ku Nacala nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni ku Mozambique. Alipo amene anali nawo pa Operation Bwezani mu Disembala 1993, pamene asilikali analanda zida a Malawi Young Pioneers. Alipo amene anapita ku Côte d'Ivoire, ndiponso amene akhala akupita ku Congo kuyambira mu 2013 pamodzi ndi anzawo a ku Tanzania ndi South Africa. Alipo amene anakumba matope ndi manja kufunafuna anthu pamene namondwe wa Freddy anakantha chigawo cha kummwera mu Malichi 2023. Mwa onsewa, dziko limadziwa mayina a ochepa okha. Timadziwa Chancy Chitete, amene anaphedwa pafupi ndi Beni mu Novembala 2018 akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania amene anavulala, ndipo mu Meyi 2019 United Nations inamulemekeza ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne. Tinamvanso za asilikali atatu amene anaphedwa mu Januwale 2025 pomenyana ndi gulu la M23, zimene zinachititsa mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, kulamula kuti asilikali athu akonzekere kubwerako. Ulemu umenewu ndi wowayenera. Koma pambali pa msilikali aliyense wakufa panali anzake amene ananyamula mtembo wake, nabwerera kwawo ndi zimene anaona. Iwowa tsopano ndi alonda a m'masitolo, alimi a chimanga, oyendetsa minibasi, asodzi, ndipo ena ndi ophunzira anzathu.

Wina angafunse kuti, kodi imeneyi si ntchito ya a mbiri yakale? Ife a ziyankhulo ikutikhudza bwanji? Yankho langa loyamba ndi lakuti usilikali unasiya mapazi ake m'Chichewa momwemo. Mawu akuti Keyala anachokera ku zilembo za KAR. Sajeni, kopolo ndi pelete ndi mawu obwereka amene anavala malaya a Chichewa. Chiwaya chimene lero timakazingira tchipisi ndi dzina lomwe agogo athu anapatsa mfuti yolira mosalekeza, mpaka nkhondo yonse n'kutchedwa ya Chiwaya. Magule a malipenga ndi mganda, amene amavinidwa m'maboma a m'mbali mwa nyanja ndi m'chigawo chapakati, anatengera pelete wa asilikali. Asilikali a lero nawonso ali ndi mawu awoawo, ena ochokera ku Chiswahili cha ku Congo, ena opeka okha m'misasa. A Sajeni ankawatchula mawu otere mwa apo ndi apo, ife n'kumaseka. Mtanthauziramawu wa Chinyanja umene a Centre for Language Studies anatulutsa mu 2000 sungakhale ndi mawu amene anabadwa pambuyo pake. Ngati sitiwatola ife, adzawatola ndani?

Yankho lachiwiri ndi lakuti nkhani ya munthu siili m'zochitika zokha, ilinso m'kanenedwe. Lipoti la boma lingatiuze tsiku, malo ndi chiwerengero cha ovulala. Silingatiuze chifukwa chimene msilikali amanenera kuti mnzake "anatsala" m'malo monena kuti anafa, kapena pamene amasiyira Chichewa n'kulowa Chiyawo chifukwa nkhani yafika pamtima, kapena pamene amakhala chete. Ife taphunzitsidwa kumva zinthu zotere. Tikamasulira m'Chingerezi tisanazisunge mmene zinanenedwera, timakhala ngati munthu amene wayanika utaka pathandala n'kumauza anthu kuti umu ndi mmene umaonekera m'madzi.

Ndikudziwa kuti pali zifukwa zomveka zimene ena angatsutsire maganizo amenewa. Choyamba, msilikali analumbira kusunga chinsinsi. Izi n'zoona, ndipo palibe amene akupempha munthu kuti aulule mapulani a nkhondo kapena za zida. Koma moyo wa msilikali suli chinsinsi chokhachokha. Mmene analowera usilikali, zimene mayi ake ananena tsiku lotsanzikana, chakudya cha kumsasa, nyimbo zoimba pothamanga m'mamawa, mmene anamvera atatsika ndege pa Kamuzu International Airport, zonsezi si zinsinsi za boma. Ndipo ntchito yotere ingachitike mogwirizana ndi akuluakulu a asilikali komanso bungwe la asilikali opuma la VELOM, kuti malire adziwike poyambirira.

Chachiwiri, ena amati kufunsa munthu za nkhondo n'kutokosa chilonda chimene chinayamba kupola. Mfundo imeneyi ndi yolemera, ndipo a Sajeni eni ake anatiphunzitsa kuti pali zitseko zimene munthu satsegula. Wofunsa ayenera kudziwa kuti "ayi" ndi yankho lokwanira. Koma tisasokoneze zinthu ziwiri: munthu amene sakufuna kuyankhula, ndi munthu amene sanapezepo womumvetsera modekha. Ambiri a ife tikakumana ndi msilikali timathamangira funso limodzi lachibwana, lakuti kodi munaphako munthu. Funso lotere limatseka pakamwa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu amene sanafune kunena za Congo anatha maola akufotokoza za chilimira ndi mwera, ndipo mkati mwa nkhani za panyanjazo nkhani za kunkhondo zinkatulukira zokha pang'onopang'ono.

Chachitatu, pali amene amati usilikali ndi ntchito ngati ina iliyonse, munthu anasankha yekha ndipo ankalandira malipiro, nanga bwanji osasunga mawu a anamwino kapena a asodzi? Ine ndikuti tisunge onsewo. Koma msilikali amapita kunja m'dzina la tonsefe, atavala mbendera yathu paphewa. Dziko limene limatuma ana ake kumalo oopsa liyenera kumva kuchokera kwa iwo eni kuti kumeneko kunali zotani, kuti mawa potuma ena lidziwe chimene likuchita. Kumvetsera msilikali si kutamanda nkhondo. Kawirikawiri amene anaiona nkhondo ndi maso ndi amene amaida koposa.

Tsono tichitenji? Pempho langa kwa aphunzitsi athu ndi lakuti pa kafukufuku amene timachita m'chaka chomaliza, ophunzira ena alimbikitsidwe kutola mbiri za moyo wa asilikali opuma. Zida tili nazo kale, pakuti foni iliyonse ya m'thumba imajambula mawu. Macheza ajambulidwe mwini wake atavomera, alembedwe m'chiyankhulo chimene ananenedwera, kaya ndi Chichewa, Chiyawo, Chitumbuka, Chilhomwe, Chisena kapena Chitonga, ndipo kumasulira kubwere pambuyo. Kope limodzi lisungidwe ku dipatimenti, lina lipite ku National Archives kuno ku Zomba, ndipo lina, lofunika koposa, libwerere kubanja la mwini nkhani. Sitiyenera kupita kutali kuti tiyambe. Nyumba zosungirako asilikali okalamba zili mu mzinda womwe uno, ndipo pafupifupi mudzi uliwonse uli ndi munthu amene anavalapo yunifolomu.

Kwa anzanga ophunzira ndikuti, tikapita ku tchuthi tisamangolonjera amalume aja anapuma usilikali n'kudutsa. Tikhale nawo pakhonde. Tiwafunse za ubwana wawo, za tsiku loyamba ku MAFCO, za mawu amene ankagwiritsa ntchito kumsasa. Akafuna kulekeza, tilekeze, tidzabwerenso. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Munthu amene tili naye lero ndiye laibulale yathu, ndipo laibulale imeneyi ilibe tsiku lodziwika lotsekera.

Kwa mafumu ndi atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, phunziro lili pa Mbenji pomwepo. Anthu a kumeneko anaonetsa dziko lonse kuti chinthu chikapatsidwa tsiku lake ndi bwalo lake, n'kumanenedwa chaka ndi chaka m'chiyankhulo cha eni ake, sichifa. Mwezi wa Novembala, pamene akuluakulu akuika nkhata ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, palibe choletsa mudzi kuitana asilikali ake opuma pansi pa mtengo kuti ana a sukulu amve kuchokera pakamwa pawo. Mphindi ziwiri zokhala chete ndi za amene anatsala kunkhondo. Amene anabwerako akufunika kanthu kena: ola limodzi loti ayankhule, ife tikumvetsera ndi kulemba.